MKHRISTU PA DZIKO LA ENI

Chaka ndi chaka anyamata ndi atsikana ochuluka amatsazika makolo ao, nakwera basi ya ku Joni kukafuna ntchito. Ulendo umenewu sudayambe lero. Agogo ao adatsikira m'migodi ya golide atalembedwa ndi Wenela, kufikira chaka cha 1974, pamene boma lidaimitsa kulembako ndege itagwa ku Francistown ndi kupha amuna oposa 70 amene ankabwerera kwao. Njira zasintha, koma mayeso a mlendo ndi omwe aja. Pofika amapeza chinenero china, moni wina, chakudya china ndi malamulo ena. Nanga Mkhristu alandire ziti, akane ziti?

Pali maenje awiri amene alendo amagweramo. Wina amadzitsekera m'kachipinda kake, nanyoza zonse za eni dziko, osaphunzira ngakhale moni wao. Mnzake amameza zonse osatafuna, naiwala mkazi, ana ndi tchalitchi, mpaka kwao amutcha mtchona. Malembo Oyera amaonetsa njira yopita pakati pa maenje awiriwa.

M'chaka cha 597 Khristu asanabadwe, mfumu Nebukadinezara idatenga Ayuda ambiri ku Yerusalemu kunka nao ku Babiloni. Mneneri wonama, Hananiya, adalonjeza kuti ukapolowo utha pa zaka ziwiri. Koma Yeremiya adawalembera kalata yowauza kuti adzakhalako zaka 70. Adawalamula m'dzina la Mulungu kuti amange nyumba, alime minda, akwatitse ana ao, ndiponso kuti aufunire zabwino mzinda wa adani aowo ndi kuupempherera, pakuti mtendere wao udamangika pa mtendere wa mzindawo. Mulungu sadafune kuti anthu ake akhale ndi katundu pamutu ngati odikira bwato padooko.

Tsono Mmalawi wa ku Johannesburg asachite manyazi kukhala wophunzira. Aphunzire Chizulu kapena Chisutu, kuti apereke moni kwa akulu monga eni ake amachitira. Afunse m'mene amaimikira minibasi ndi zala, pakuti kumeneko chizindikiro cha dzanja ndicho chimanena kumene munthu akupita; safunsa adadya phula. Nsima ya kumeneko, imene eni ake amaitcha pap, aidye mothokoza, osaiyerekeza tsiku ndi tsiku ndi ya amai ake. Mapepala ake akhale olongosoka, lendi alipire pa nthawi yake, ndipo maliro akagwa kwa mnansi wake apiteko, ngakhale mwambo wake ukhale wachilendo. Zonsezi si kugulitsa mtundu ai, koma ndi chikondi cha mnzake chimene Ambuye adalamula.

Lamulo lopempherera mzinda ndi lowawa. M'mwezi wa Meyi 2008 chipolowe chothamangitsa alendo chidabuka ku Alexandra, ndipo anthu 62 adaphedwa m'dziko lonselo. Amene adathawa usiku ndi mwana kumsana sangaiwale. Komabe Ayuda aja nawonso adaona zoopsa, ndipo adauzidwa kupempherera Babiloni yemweyo. Chidani chikakhazikika mu mtima wa mlendo, chimayamba kudya mwini wake.

Malire ake amaoneka pa Daniele. Mnyamata ameneyu adalandira dzina lachilendo la Belitesazara osadandaula. Adaphunzira chinenero ndi mabuku a Akaldeya zaka 3, natumikira mafumu achikunja mokhulupirika, kotero kuti adani ake adasowa pomugwira. Koma chakudya cha mfumu, chimene chikadamdetsa pamaso pa Mulungu, adachikana, nasankha zamasamba ndi madzi. Pamene lamulo lidaletsa kupemphera, iye adagwadabe katatu pa tsiku, mazenera oyang'ana ku Yerusalemu ali otsekula, ngakhale dzenje la mikango linkamdikira. Lilime lake ndi chovala chake adazipereka kwa Babiloni. Mawondo ake adasungira Mulungu yekha.

Muyeso ndi womwewo lero. Mwambo wokhudza pakamwa, pambale ndi pamsewu, Mkhristu aulandire ndi manja awiri. Mwambo wolimbana ndi malamulo khumi a Mulungu aukane, ngakhale anzake onse a m'nyumba amseke. Mwamuna amene adamanga ukwati woyera kumudzi ndi wokwatira ndithu ngakhale awoloke Limpopo. Kutenga mkazi wachiwiri ponena kuti kuno onse amatero ndi chigololo, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Malipiro amene ana akudikira kuti alipire sukulu asathere m'shabini kapena pa juga. Mankhwala a mwayi ofunira ntchito kwa asing'anga sayera chifukwa chakuti agulidwa kutali.

Chachikulu, mlendo asadzisandutse mwana wamasiye pamene Eklezia, mai wake, ali pafupi. Amuna a Wenela ankamva Misa m'Chilatini chomwe adachisiya kwao. Lero Misa ya ku Soweto imachitika m'zinenero za eni dziko ndi m'Chingerezi, koma Nsembe ndi imodzi, Ukaristia ndi womwewo. Tsono Lamulungu loyamba afunefune tchalitchi, akadzionetse kwa Bambo Mfumu ndi kalata yake ya ubatizo, alowe m'kwaya kapena m'bungwe lina. Amene amaimba ndi eni dziko pa Lamulungu sakhalanso mlendo weniweni pa Lolemba. Otsala kumudzi nawonso ali ndi udindo: pa foni asamangofunsa za ndalama, afunsenso ngati mwana wao akulapa ndi kulandira.

M'chaka cha 1952 Papa Pius XII adaika Banja Loyera la ku Nazarete, lothawira ku Ejipito, kukhala chitsanzo ndi chitetezo cha onse okhala kunja kwa dziko lao. Yosefe Woyera adadyetsa banja lake pakati pa anthu a chinenero china ndi milungu ina, nasunga Mwana Yezu ndi Amai ake mpaka tsiku lobwerera. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Yezu, Maria ndi Yosefe asunge onse a paulendo, kuti pobwerera adzafike ndi chikhulupiriro chimene adapita nacho.