Phunziro 7: Gulugufe wa ku Manchester ndi Chilengedwe Chobuula

SABATA MASANA

Werengani pa phunziro la sabata ino: Genesis 1:20-25, 2:15, 3:8-19, Aroma 8:19-23, 12:1, 2.

Vesi loloweza: Aroma 8:22.

Ganizo lalikulu: Zolengedwa za Mulungu zili ndi mphamvu yakusintha maonekedwe m'dziko limene uchimo unaliononga. Mkhristu asaope kuona zimene zimachitikadi m'chilengedwe, koma aziwerenge ndi kuunika kwa Mau a Mulungu.

Ana athu a ku sekondale amakumana ndi nkhani ya gulugufe wina wa ku England m'mabuku a sayansi. Ena amabwera kunyumba mitima itasokonezeka, nafunsa ngati nkhaniyi ikutsutsa buku la Genesis. Kholo limene lingoyankha kuti zonsezo nzabodza limataya chikhulupiriro cha mwana wake, pakuti mwanayo adzapeza kuti nkhaniyo inachitikadi. Sabata ino tiona chimene chinachitika, ndi chimene chingatiphunzitse.

TSIKU LOYAMBA: Utsi Unadetsa Mitengo

Gulugufe ameneyu ndi wa mtundu wouluka usiku, wonga kadziotche, ndipo asayansi amamutcha Biston betularia. Mapiko ake ndi oyera, a maangamaanga akuda. Masana amapumula pa mitengo, ndipo akatera pa khungwa lomera ndere zotuwa, mbalame zimavutika kumuona.

M'zaka za m'ma 1800 mafakitale oyendera malasha anachuluka ku England. Mpweya woipa wa mu utsi unapha ndere, ndipo mwaye unakuta mitengo mpaka inada bii. M'chaka cha 1848 gulugufe wakuda wa mtundu womwewu anagwidwa ku Manchester, ndipo R. S. Edleston analemba za iye. Pofika 1895, mwa agulugufe 100 alionse a mtunduwu m'dera limenelo, 98 anali akuda.

Werengani Genesis 2:15. Kodi Mulungu anapatsa munthu ntchito ziwiri ziti m'munda wa Edene? Nanga ndani anadetsa mitengo ya ku Manchester?

TSIKU LACHIWIRI: Mbalame Ndizo Zinasankha

Tisaganize kuti gulugufeyu ali ngati bilimankhwe amene amasintha khungu lake ali moyo. Gulugufe woyera amafa ali woyera, ndipo wakuda amatuluka ali wakuda. Chimene chinasintha ndicho chiwerengero. Pa mitengo yakuda oyera anaonekera poyera, mbalame zinawadya, ndipo akuda ndiwo anatsala ambiri nabereka ana ofanana nawo. Ichi ndicho chimene Charles Darwin, m'chaka cha 1859, anachitcha kusankha kwa chilengedwe.

J. W. Tutt anapereka ganizo lokhudza mbalamezi m'chaka cha 1896. Bernard Kettlewell analiyesa m'chaka cha 1953 m'nkhalango yodetsedwa ndi utsi pafupi ndi Birmingham. Anaika kadontho ka penti pansi pa mapiko a agulugufe, anawamasula, kenaka anawatchera misampha usiku. Mwa akuda 100 alionse anagwiranso pafupifupi 27, koma mwa oyera anagwiranso 13 okha. M'chaka cha 1955 anachitanso zomwezo ku Dorset, kumene mitengo inali yoyera, ndipo kumeneko oyera ndiwo anapulumuka ambiri. Niko Tinbergen anajambula kanema wa mbalame zilikutola agulugufewo pa mitengo.

Werengani Genesis 3:17-19 ndi Aroma 8:20-22. Kodi kudyana kwa zolengedwa kunali m'chikonzero choyamba cha Mulungu? Yerekezani ndi Genesis 1:30.

Dziko limene cholengedwa chimodzi chiyenera kubisala kuti chinzake chisachidye si dziko limene Mlengi analiyang'ana nakondwera nalo pa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Kubisala kwa gulugufe ndi umboni wa nzeru, komanso ndi umboni wa imfa. Umo ndimo chilengedwe chibuulira.

TSIKU LACHITATU: Choonadi Sichiopa Kuyesedwa

Panali nthawi imene anthu ena, pamodzi ndi Akhristu ambiri, ananena kuti nkhani yonseyi inali chinyengo. Zoona zake nzakuti ntchito ya Kettlewell inali ndi zofooka: anamasula agulugufe ambiri pamalo amodzi, ndiponso zithunzi zina za m'mabuku zinajambulidwa agulugufewo atachita kuikidwa pa mtengo ndi munthu. Michael Majerus wa ku Cambridge anaona zofookazi, ndipo anayambanso kafukufuku mosamala kuyambira 2001 mpaka 2007. Anamasula agulugufe 4,864, napeza kuti pa mitengo yoyera mbalame zimadyadi akuda koposa oyera. Iye anamwalira m'chaka cha 2009, ndipo anzake anasindikiza zotsatirazo m'chaka cha 2012. M'chaka cha 2016 asayansi a ku Liverpool anapeza malo enieni m'majini a gulugufeyu pamene kuda kunayambira, nawerengera kuti kusinthako kunachitika cha m'ma 1819.

Werengani Eksodo 20:16. Kodi lamulo ili likutikhudza bwanji pamene tikutsutsana ndi anthu amene sakhulupirira monga ife?

Mlengi safuna kuti timuteteze ndi umboni wonama. Ngati tibwereza nkhani imene inatsutsidwa kale, tichititsa manyazi uthenga umene tinyamula.

TSIKU LACHINAYI: Kusintha ndi Chiyambi

Werengani Genesis 1:20-25. Kodi ndi kangati pamene ndimezi zikunena za mitundu ya zamoyo?

Asayansi ambiri amaona gulugufeyu ngati chitsanzo chaching'ono cha njira imene, malinga ndi chiphunzitso chao, inatulutsa zamoyo zonse m'zaka mamiliyoni ambiri. Tiyenera kudziwa kuti amaphunzitsa motero, ndi kuti ali ndi zifukwa zina zimene amaonjezerapo. Ife tikhulupirira, monga Malemba atiphunzitsa, kuti Mulungu analenga zamoyo m'masiku asanu ndi limodzi, ndipo Sabata ndi chikumbutso cha ntchito imeneyo.

Komabe Baibulo silinena kuti zolengedwa sizisintha konse. Ana a Adamu mmodzi ali ndi makungu osiyana, ndipo mlimi aliyense amene amasankha mbeu ya chimanga amadziwa kuti mbeu imasintha m'mibadwo yake. Gulugufe wa ku Manchester anali Biston betularia utsi usanabwere, ndipo ali yemweyo lero. Woyera ndi wakuda amakwerana nabereka ana. Nkhaniyi itionetsa mmene mtundu wa mapiko unachulukira ndi kuchepa. Payokha siiyankha funso lakuti phiko, diso ndi moyo zinachokera kuti. Pa funso limenelo Ahebri 11:3 atilozera ku chikhulupiriro.

TSIKU LACHISANU: Pobisala Pathu

M'mwezi wa December 1952 utsi wochindikala unakuta mzinda wa London, ndipo anthu zikwi zambiri anafa. M'chaka cha 1956 boma la Britain linakhazikitsa lamulo loyeretsa mpweya. Pang'ono ndi pang'ono mitengo inayera, ndipo agulugufe akuda, amene kale anali otetezeka, anayamba kuonekera poyera. Lero ndi osowa kwambiri m'dzikomo. Pamene munthu anasiya kuononga, chilengedwe chinayamba kuchira.

Werengani Genesis 3:8-10 ndi Masalmo 139:7-12. Kodi Adamu anabisala kuti? Nanga kubisalako kunamuthandiza?

Chitetezo cha gulugufe wakuda chinadalira pa kuda kwa dziko lomuzungulira. Ambiri a ife tifunafuna chitetezo chotero. Kuntchito kumene onse alandira ziphuphu, munthu wokana amaonekera msanga, ndipo nkosavuta kungofanana ndi anzathu kuti tisalozedwe chala. Koma pano pali kusiyana kwakukulu: gulugufe sasankha mtundu wake, ndipo alibe mlandu. Ife timasankha. Paulo pa Aroma 12:2 atichenjeza kuti tisatengere makhalidwe a nthawi ino. Tsiku lilinkudza pamene Mulungu adzayeretsa dziko, ndipo iye amene anabisala mu mdima adzasowa pobisala. Pa Zekariya 3:1-5 Yoswa sanadzichotsere yekha zovala zake zonyansa. Anavulidwa navekedwa zina. Chilungamo cha Khristu ndicho pobisala pokhapo pamene sipadzatha.

TSIKU LOKONZEKERA: Kuphunzira Kopitirira

Werengani Yesaya 11:6-9 ndi Chivumbulutso 11:18, 14:6, 7.

Mafunso okambirana:

1. Mwana wanu wabwera ndi buku la sayansi nakuonetsani chithunzi cha agulugufe awiriwa. Mudzamuyankha bwanji popanda kunama ndiponso popanda kutaya chikhulupiriro?

2. Uthenga wa mngelo woyamba utiitana kulambira Mlengi. Kodi wolambira Mlengi angaotche tchire, kapena kutaya zonyansa mu mtsinje, mtima uli mmalo? Kalasi lanu lingachitepo chiyani m'dera lanu?

3. Ndi m'mbali ziti za moyo wanu mmene mwafanana ndi malo okuzungulirani chifukwa cha mantha?

Mwachidule: Utsi wa anthu unadetsa mitengo, mbalame zinadya agulugufe oonekera, ndipo chiwerengero chao chinasintha. Zimenezi nzoona, ndipo zitikumbutsa kuti ndife adindo a dziko lobuula, loyembekezera tsiku limene cholengedwa chilichonse sichidzafunanso kubisala.