Azoro Anali Ndani?

Pa 17 December Mpingo umawerenga chiyambi cha Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Mateyo Woyera, mndandanda wa makolo a Yesu Khristu. Owerenga ambiri amauopa chifukwa lilime limapunthwa pa mayina, ndipo m'mabenchi ena amayamba kuyasamula asanafike n'komwe pa Davide.

Mateyo anaugawa patatu, mibadwo 14 chigawo chilichonse. Chigawo choyamba ndi cha Abrahamu, Isaki ndi Yakobe, chachiwiri ndi cha mafumu. Chachitatu, chimene chimayamba Ayuda atatengedwa ukapolo ku Babiloni, ndiye chodabwitsa. Zerubabele, amene anatsogolera ntchito yomanganso Nyumba ya Mulungu, akangodutsa, pamabwera amuna 9 asanafike Yosefe: Abihudi, Eliyakimu, Azoro, Zadoki, Akimu ndi anzawo. Zaka pafupifupi 500 zapita pamenepo. Malembo Oyera sanena ntchito yawo, mudzi wawo kapena akazi awo. Azoro sanamenye nkhondo yodziwika, sanalosere. Anabadwa, nayenso n'kubereka mwana. Komabe kumuchotsa pa mzerewo, lonjezo la kwa Abrahamu silifika kwa Yosefe, mwamuna wa Maria.

Banja lililonse m'parishi muno lili ndi Azoro wake. Kawirikawiri ndi agogo aakazi amene sanapite patali ndi sukulu, amene ankadzuka mbandakucha kuyenda wapansi kuti akapeze Misa kumishoni, nagulitsa mtedza kuti mwana alipire fizi. Mdzukulu lero ali muofesi m'tauni. Koma tsiku la maliro, pokonza mbiri ya malemu, abale amayang'anana. Anabadwa chaka chanji? Mayi awo anali ndani? Anali Nabanda kapena Naphiri? Mbiri ya zaka 80 imatha m'mizere inayi, ndipo mzere wautali ndi wa matenda amene anawatenga. Zimenezi n'zochititsa manyazi, makamaka kwa ana ophunzira amene amasunga zithunzi zambirimbiri m'foni.

Mpingo suiwala choncho. Kuyambira pamene ansembe a Montfort anafika ku Nzama mu 1901 ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, mishoni iliyonse inkalemba obatizidwa m'kaundula: dzina, makolo, mudzi, tsiku, ndi amene anawaimirira pa ubatizo. Mlimi wamba ndi mfumu analembedwa m'buku limodzi, ndi inki imodzi.

Wina anganene kuti kufukula zakale kumavumbula zosayenera. Zoona. Mateyo naye sanabise: Tamara, Rahabu ndi mkazi wa Uriya ali momwemo, ndipo Rute anali mlendo wa ku Mowabu. Mwana wa Mulungu sanachite nawo manyazi.

Ambiri akupita kumudzi pa Khirisimasi. Amene adakali ndi agogo kapena malume okalamba atenge kope ndi cholembera, akhale nawo pakhonde nthawi ilipo. Afunse amene anabereka agogowo, mfunda wawo, kumene mbumba inachokera, ndi amene anayamba kubatizidwa m'banjamo. Ngati parishi yakumudziyo ili pafupi, apemphe bambo mfumu kuti awaonetse kaundula. Pobwerera, mayinawo awerengedwe kwa ana pa mapemphero a madzulo, ndipo amene anatsogola awapemphere Misa ku ofesi ya parishi, aliyense ndi dzina lake lonse.