Kamphaka Kolumala Pakhomo

 Dzuwa lisanayambe kuswa mtengo, tiyeni tiganizire limodzi za kanyama kamodzi.

Kuno kuchigwa, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mphaka timamuweta kuti azigwira makoswe amene amatithera mapira ndi mchewere. Ndiye mwana akatulukira atanyamula kamphaka kosaona, kapena kothyoka mwendo, ambiri timafunsa kuti kadzatithandiza chiyani. Ena amafika pokaganizira zaufiti. Ayi ndithu, n'kanyama kovutika basi.

Komabe kulera mphaka wotere si nkhani yongovomera. Wosaona kusaka kumamuvuta, adzadalira zomwe inu mwamupatsa. Nsima yokha simukwanira, thupi lake limafuna nsomba kapena nyama, ngakhale timitu ta matemba totsala m'mbale. Mwezi wa Okutobala, pamene ku Ngabu ndi ku Nchalo kumatentha kupitirira madigiri 40, amafunika mthunzi ndi madzi pamalo amodzi osasinthasintha, pakuti iye amayenda pomva, ponunkhiza ndi pokumbukira njira. Ndipo madzi akasefukira, monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu 2023, sangathawe yekha. Pafunika wina womunyamula.

Ngati ana akugona ndi njala pakhomo, musadziimbe mlandu mukakana kulera mphakayo. Funsani anansi amene angakwanitse. Koma ngati mungathe, mutengeni. Ine ndimaona kuti mwana wolera nyama yofooka amaphunzira chifundo msanga.

Mukamutenga, pitani naye kwa alangizi a ziweto akamuone vuto lakelo, akamubayenso katemera wa chiwewe.