Ng'oma Itsatire Ndani?

Abale, sabata ino tiganizire izi: pothandiza munthu, ndani ayenera kutsatira liwiro la mnzake?

Sitiroko ikawononga mbali ina ya ubongo, mwendo umodzi umalemera, mapazi sagwirizananso. A fiziyo ena amaphunzitsa odwala oterewa kuyenda potsatira kugunda kwa nyimbo, chifukwa makutu amamvana ndi mbali ya ubongo yoyendetsa miyendo. Paja ng'oma ikalira, phazi limangogunda lokha pansi. Njirayi anaifufuza kwambiri Michael Thaut ku America m'ma 1990.

Koma taonani mmene amachitira. Sayamba ndi nyimbo yothamanga ayi. Amawerenga kaye kuti wodwala akuponda kangati pa mphindi imodzi, n'kuika kugundako pa liwiro lake lomwelo. Akazolowera, m'pamene amawonjezera pang'ono pokha.

Ife kunyumba? "Fulumirani amayi, ndichedwa kumsika!" Timati tikuthandiza, chonsecho tikuwakoka ngati thumba la chimanga. Akagwa kamodzi, mantha amawagwira, safunanso kudzuka pamkeka.

Ine ndikuti thandizo lenileni limayambira pa liwiro la wofookayo. Komatu kumusiya pomwepo mpaka kalekale si chifundonso. Woimba ng'oma wodziwa amayamba wamvera mapazi a wovina, kenako n'kumutsogolera.