Mayi Amene Sali pa Chithunzi

Pa khoma la chipinda changa pali chithunzi chimene alendo amakonda kuchiyang'ana. Ndinachijambula m'mawa wina m'mwezi wa Julaye nditaima pa Emperor's View, pamwamba pa phiri la Zomba, malo aja anapatsidwa dzinali mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia itafikapo mu 1965. Pansi pali chigwa chitafunda nkhungu, kumanzere nyanja ya Chilwa ikunyezimira ngati mbale yotsuka kumene, ndipo kutali uko Mulanje wangotulutsa mutu pamwamba pa mitambo. Aliyense akachiona amati, "Koma ndiye dziko lathuli n'lokongola!" Ine ndimavomera. Chimene sindiwauza n'chakuti ndinadikira mphindi khumi kuti mayi wina achokepo.

Mayiwo anali atatula mtolo wa nkhuni, wautali kuposa iwo eni, nakhala pa mwala akukonza nkhata. Anakhala pomwe diso la kamera yanga linkaloza. Dzuwa linali kukwera, nkhungu ikusungunuka, ndipo amene anajambulapo akudziwa kuti kuwala kwa m'mawa sikudikira munthu. Ndinayamba kuyendayenda, kutsokomola, kuyang'ana wotchi. Potsiriza iwo anacheuka nati, "Bambo, kodi ndikukutchingirani?" Ndinayankha kuti, "Iyayi mayi, pumulani," koma nkhope yanga inali itanena kale zina. Anaimirira, ndinawasenzetsa mtolowo, anatsetsereka. Asanabisike n'komwe ndinali nditadina kale.

Tsono funso limene landivuta zaka zonsezi ndi ili: kodi chithunzi chija n'chabodza?

Anthu amati kamera sinama. N'zoona kuti zonse zimene zili pa pepalapo zinalipo tsiku limenelo. Sindinawonjezere mtambo ngakhale umodzi. Komatu pa bwalo la mfumu timaidziwa mboni ina yochenjera, imene imanena zoona zokhazokha, koma n'kusiya chinthu chimodzi chimene chikanatembenuza mlandu. Mboni yotere sitiitcha yoona mtima. Nditafotokoza zimenezi kwa mnzanga wina wa m'gulu lathu la alembi, iye anaseka. Anati chithunzi chilichonse chili ndi malire anayi, ndipo palibe amene angalowetsemo dziko lonse. Wolemba ndakatulo ya duwa sakakamizidwa kutchula manyowa. Mawuwa anandipepuza mtima sabata yathunthu. Kenaka, mwina chifukwa chosowa chochita, ndinatulutsa zithunzi zanga zonse za m'mapiri n'kuziyala pa mphasa.

Munali mathithi a Williams, damu la Mulunguzi, mitengo ya paini m'nkhungu, anyani, mbalame, ngakhale bowa. Munalibe chitsa. Munalibe utsi wa makala. Munalibe munthu wosenza kanthu, chonsecho msewu wa phiri lija sungauyende m'mawa osakumana ndi amayi a nkhuni kapena anyamata okankha njinga zolemedwa ndi mitengo. Apa ndi pamene ndinaona kuti mnzanga uja anayankha funso lina. Kusiya china kunja n'kosapeweka, inde. Koma n'chifukwa chiyani dzanja langa limasiya chinthu chomwechomwecho nthawi zonse? Ndinali kujambula Malawi wa pa makhadi ogulitsa kwa alendo, dziko la mapiri ndi madzi lopanda eni ake. Ndipo ine amene ndimakhotetsa kamera kuti utsi usaoneke, ndine ndemwe ndimathamangira thumba la makala magetsi akathima.

Chithunzi chokongola chimatonthoza, ndipo kutonthozako ndiko ndikukuopa. Taonani Mulanje. Mkungudza, umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse koma pa phiri limeneli, unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984. Pofika 2017 ofufuza anapezako mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Koma imani m'minda ya tiyi mujambule phirilo lero: thanthwe ndi lomwe lija, mitambo ndi yomwe ija, Sapitwa akadali pa mamita 3,002. Woona chithunzicho amagona tulo tabwino poganiza kuti phiri lilipo, palibe chavuta.

Pofuna kulapa, ndinaganiza zoyamba kujambula zinthu monga momwe zilili. Mu 2018 nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulukamo ndipo n'njosazama, inaphwa kwambiri monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995. Ndinapita ku doko la Kachulu. Mabwato anali gone pa thope long'ambika, ndipo pa bwato lina panakhala bambo wachikulire atagwira chibwano, maso ali kumene kunali madzi. Ndinagwada, ndinadina. Ndinene mosabisa, chimenechi ndicho chithunzi chabwino koposa chimene ndinajambulapo. Ming'alu ya thope inaluka ngati ukonde, dzuwa la madzulo linapaka nkhope yawo mkuwa. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, chimwemwe cha mlenje, pamaso pa munthu amene matemba ake anali atatha. Bambowo anangofunsa kuti, "Achimwene, mukachita nacho chiyani chimenecho?" Ndinati ndikangosunga. Anagwedeza mutu. Dzina lawo sindinafunse.

Chithunzi chimenecho sindinachipachike. Chili m'bokosi, ndipo ndikachitulutsa chimandichititsa manyazi kuposa chija cha pa khoma. Ku Zomba ndinachotsa munthu kuti malo akongole. Ku Kachulu ndinasandutsa njala ya munthu kukhala chokongoletsa. Poyamba ndinkayesa kuti izi ndi zolakwa ziwiri zotsutsana, ndipo kuti chilungamo chili penapake pakati. Tsopano ndikuganiza kuti ndi cholakwa chimodzi. Onse awiri ndinawaona ngati zinthu za pa malopo, wina chotchinga, wina chokometsera. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ife ojambula timanyadira kudekha kwathu: ndikhoza kubisalira mbalame ola lathunthu. Koma mphindi khumi zija ndinalephera kufunsa mayi aja kumene amachokera, kapena kuti mtolo wotere amaugulitsa ndalama zingati akafika m'tauni.

Chaka chatha ndinakweranso phiri la Zomba. Pafupi ndi damu ndinapeza amayi atatu atatula mitolo. Ulendo uno ndinapereka moni, tinacheza za kuzizira ndi za mtengo wa ufa, kenaka ndinapempha ngati ndingawajambule. Awiri anakana akuseka. Wachitatu, wamkulu pa onse, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Jambulani," anatero, "koma osati ndi nkhunizi. Mukufuna alonda a nkhalango andidziwe nkhope?"

Anakankhira mtolowo kuseri kwa tchire, navula nkhata, namanganso duku. Anakonza chitenje, anapukuta kumaso, naima chilili manja ali m'mbali ngati pa ukwati. Kenaka anandiuza kuti ndisunthire kumanja pang'ono, kuti madzi a m'damu ndi mitengo zionekere bwino kumbuyo kwawo. Zitsa zinali kumanzere. Ndinasuntha monga anandiuzira.