Wankhanza Ndani kwa Mtengo?

Ku Japan kuli luso lakale lotchedwa bonsai. Mtengo umene ukadakula kukhala chimtengo amaubzala m'kamphika, naudulira mizu ndi nthambi chaka ndi chaka kuti usapitirire m'chiuno mwa munthu. Ena amati imeneyi ndi nkhanza. Komabe mitengo ina yotere yakhala ndi moyo zaka zoposa 300.

Ku Kawale ndi ku Chinsapo, mvula ikayamba mu Novembala, anthu amatchera migolo pansi pa malata, nasunga madziwo kuti adzathirire mbande za mango ndi mapapaya. Wina, pofuna kuti mbande zikule msanga, amasungunuliratu feteleza mumgolomo. Ndere imamera. Dzuwa likamaphwetsa madzi, fetelezayo amatsalira nakula mphamvu, mpaka mizu imapsa, masamba nauma m'mphepete.

Nanga wankhanza ndani pamenepa? Wa mgolo sanaumane kanthu mtengo wake, monganso kholo lotumiza ndalama kusukulu koma losafikako. Anangothira zonse kamodzi kuti asavutikenso. Wa bonsai anaumanadi malo, koma amagwira dothi lake m'mawa uliwonse, napima chakudya chake ndi kasupuni.