Kalulu, Njovu ndi Ulusi wa Kangaude

Padangokhala.

M'nkhalango ya kuseri kwa phiri munali kanema mmodzi yekha, wa a Njovu. Dzuwa likangolowa nyama zonse zinkathamangira kwa amene anali ndi bokosi lake, monga mmene ife tinkapanikizirana pamawindo a eni ake mu 1999, TVM itangoyamba kumene. Wofuna kutsatsa malonda analibe kwina kolowera. A Njovu ankatchula mtengo osatukula n'chitamba chomwe: masekondi 30 nkhani za madzulo zisanayambe, matumba khumi a chimanga.

A Fulu, osoka nsapato, analipira miyezi itatu. Nsapato zinangoti mbwee pathandala, fumbi lili kong'a.

"Achimwene, kodi amaonera kanema wanuyu ndani?" anafunsa a Fulu.

"Nkhalango yonse," anayankha a Njovu. Sananame ayi. Kungoti theka la nkhalangoyo linali njoka, ndipo njoka ndi nsapato n'zotalikirana.

Kenaka kunatulukira a Kangaude, ooneka onyozeka, atayala ulusi wawo kuchokera pa foni iyi kukafika pa iyo. "Aliyense akagwedeza ulusi, ine ndimamva," anawanong'oneza a Fulu. "Wa miyendo ndimamudziwa, wopanda ndimamudziwanso. Malonda anu ndikawaonetsa oyenera okha." A Fulu anayesa ndi thumba limodzi. M'mawa mwake anamva odi pakhomo. Anali a Bongololo, atabwera kudzayesa saizi. A Fulu anasoka mpaka mvula yoyamba.

Zonsezi Kalulu ankaziona, poti ndiye ankanyamula kamera kwa a Njovu. Ataona matumba akukhotera njira ina, anasiya ntchito osatsazika n'kupita kwa a Kangaude.

A Kangaude anamulandira bwino n'kumuwerengera malamulo, omwe aja a pa YouTube. Poyamba apeze omutsatira 1,000, ndipo makanema ake aoneredwe maola 4,000 m'miyezi 12. Zikatero, pa 100 iliyonse ya otsatsa malonda, 55 ndi yake, 45 ndi ya mwini ulusi. Makutu aatali aja anangogwira 55 yekhayo.

Anagwiratu ntchito mnyamatayo, tisamunamizire. Anavina pachulu, anadzigwetsa dala m'thope, anakatenga katapila kwa a Fisi kuti agulire bandulo. Tsiku lina njuchi zinamuthamangitsa zenizeni foni ili chijambulire, ndipo kanema ameneyo anafika mpaka kudambo. Kulikonse kumene Kalulu ankadutsa, ana ankamuloza. Mwezi utatha anabwereka ngolo kukatenga malipiro.

A Kangaude anamutsanulira mbale imodzi ya chimanga, yosasefukira n'komwe.

"Bambo, mwandibera!"

"Khala pansi, mwana wanga. Amakuonerawo ndani?"

"Mbewa zonse. Ana a nkhwali. Achule."

"M'nkhokwe mwawo muli chiyani?"

Kalulu anayang'ana ngolo ija.

"Wamalonda amagula diso la amene angamugule katundu," anapitiriza a Kangaude, miyendo isanu ndi itatu ili pa ulusi. "Mkango mmodzi wa kutsidya kwa nyanja ukakuonera, amalonda amalimbirana. Mbewa zako zimawerenga masekondi asanu n'kulumpha malondawo, kuopa kutha bandulo. Ndiye ndikupatse chiyani?"

Apa ndiime kaye, ana inu, mungaganize kuti pa ulusipo palibe kanthu. Chilipo, chochuluka. Mu 2024 YouTube inapeza ndalama zoposa madola 36 biliyoni pa zotsatsa malonda zokha. Koma ogawana mtolowo ndi mamiliyoni, ndipo woonera wa ku America amalipiritsa wamalonda zambiri kuposa wa kuno kwathu. Mwini ulusi yekha ndi amene amatapa pa mbale ya aliyense, yaikulu ndi yaing'ono yomwe.

Nanga a Njovu? Anaonda, khungu linachita makwinya kuposa kale, otsatsa ang'onoang'ono onse anawathawa. Koma anatsala ndi chinthu chimodzi: mpira. Tsiku la ndime yotsiriza nkhalango yonse inkakhala pamodzi, njoka ndi a Bongololo omwe, ndipo palibe ankachoka kuopa kuphonya chigoli. Tsiku limenelo mtengo unkakhala wa a Njovu. Ngakhale kwa anthu zili choncho: ku America, pa mpira wa Super Bowl wa 2024, masekondi 30 ankagulidwa pafupifupi madola 7 miliyoni.

A Fisi atayamba kuzungulirazungulira pakhomo kufuna katapila wawo, Kalulu anakwera phiri kubwerera kwa a Njovu, makutu ali goo.

"Odi, bwana. Ndimati mwina Loweruka likudzali mungafune wonyamula kamera."

A Njovu anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mbewa zako zija zikadakutsatabe?"

"Zilipo, bwana."

"Uzibwere nazo. Ana a masiku ano sakhalanso pabokosi, ndiye chaka chino mpirawu tiuonetsanso pa foni."

Kalulu anatukula kamera ija, n'kuona kachingwe kopyapyala kali kumbuyo kwake, komwe kale kunalibe. Anakatsata ndi maso. Kanakwera mlongoti wa a Njovu mpaka pansonga, pomwe a Kangaude anali atakhala phee, akuwerenga matumba.